Pasipoti yanu ilibe vuto, Amayi, kakonzetseni tikiti

Amayi, mwafunsa ngati mubweze pasipoti yanu yatsopano ku ofesi chifukwa dzina lanu la Ng'oma alilemba NGOMA m'mizere iwiri ya m'munsi mwa tsamba la chithunzi, pomwe pamwamba lili bwinobwino, komanso mizereyo yadzaza tizizindikiro ta <. Mwatinso amene anakugulirani tikiti ya ndege yopita ku Johannesburg analemba NG OMA, modula dzinalo pawiri. Musadzivute kukaima pamzere ku ofesi ya mapasipoti. Bukulo lili bwino. Chofunika kuchithamangira ndi tikitiyo.

Mizere iwiriyo amalembera makina, osati inu ndi ine. Malamulo ake anaika ndi bungwe la ICAO, loona za maulendo a pandege, lomwe likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada. Ali m'chikalata chotchedwa Doc 9303, chomwe chinayamba kutuluka mu 1980, ndipo mayiko anagwirizana kuti pofika pa 24 Novembala 2015 mapasipoti osawerengeka ndi makina akhale atatha ntchito. N'chifukwa chake pasipoti ya Zambia, ya Malawi ngakhale ya Japan, mukatsegula tsamba la chithunzi, kukula kwake n'kumodzi, mamilimita 125 m'litali ndi 88 m'lifupi, ndipo mzere uliwonse uli ndi malo 44 ndendende.

M'malo 44 amenewo mumaloledwa malembo akuluakulu A mpaka Z, manambala 0 mpaka 9, ndi kachizindikiro ka < basi. Kankhodolero ka mu Ng'oma, Ng'ambi kapena M'bwana kalibe malo, ndiye amangokachotsa n'kulumikiza dzinalo. Ŵ amasanduka W wamba. Ka < kamodzi kamalowa m'malo mwa mpata, tiwiri timalekanitsa dzina la bambo ndi mayina anuanu, ndipo totsalato timangodzaza mzere kuti ukwane. Mwachitsanzo mzere woyamba ungayambe chonchi: P<ZMBNGOMA<<CHISOMO<THOKOZANI, kenako ti < mpaka kumapeto. P akutanthauza pasipoti, ZMB ndi Zambia. A kwathu ku Malawi, kutsidya la Mwami, awo amalembedwa MWI, a ku Mozambique MOZ. Mayina onse amapatsidwa malo 39 okha, kotero amene makolo awo anawapatsa mayina anayi ataliatali asadabwe akaona lomaliza laduka mchira. Nalonso si vuto.

Mzere wachiwiri ndi umene ndikanakonda muuyang'anitsitse, chifukwa cholakwika chikakhala m'menemo ndiye muli ndi chifukwa chenicheni chobwererako. Umayamba ndi nambala ya pasipoti, kenako ZMB, tsiku lobadwa, F kapena M, ndi tsiku limene pasipoti idzathe. Masiku amalembedwa chobwerera: chaka, mwezi, tsiku. Wobadwa pa 15 Malichi 1990 amaoneka ngati 900315. Nambala ya pasipoti ndi lililonse la masiku awiriwo zimatsatiridwa ndi nambala imodzi yotsimikizira, ndipo mungathe kuiyesa nokha ndi bolopeni. Chulukitsani manambalawo ndi 7, 3, 1, 7, 3, 1 motsatizana. Pa 900315 mupeza 63, 0, 0, 21, 3 ndi 5. Zonse pamodzi ndi 92, ndipo nambala yomaliza, 2, ndiyo iyenera kutsatira tsikulo. Makina amachita masamu omwewa m'kuphethira kwa diso, ndipo zikapanda kugwirizana amakana bukulo. Yerekezani masiku a m'munsiwo ndi a pamwamba, komanso ndi NRC yanu, chiphaso chanu cha unzika. Zikafanana, tsekani pasipoti muiike pabwino.

Tibwerere kutikiti. Pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka wogwira ntchito amatsegula tsamba la chithunzi, n'kuliika chafufumimba pagalasi kapena kulikoka m'kampata ka pakompyuta, ndipo dzina limene limatuluka ndi la m'mizere ija. NGOMA ndi NG OMA munthu amaona kuti ndi mmodzi, koma kompyuta ingaone anthu awiri. Mwina angakudutsitseni, mwina angakuimitseni pambali anzanu akukwera, ndipo ine sindingaike ndalama zanga za oda pa mwayi wotero. Muuzeni wogula tikitiyo lero lomwe kuti alembe dzina monga lilili m'munsimo, NGOMA, popanda mpata, ndipo dzina la bambo likhale pamalo pake. Makampani ena amalipiritsa kukonza dzina, ena ayi, koma nkhani imavuta kwambiri tsiku la ulendo likafika. Popeza analakwitsa ndi iye, ndalama yokonzera musaivomere msanga kuti ituluke m'chikwama chanu. Mukamalemba mafomu a paintaneti, a viza kapena a hotela, tsatirani kalembedwe komweko.

Mwafunsanso ngati mwana wanu angakuperekezeni ndi NRC yokha. Ayi. Ziphaso zina zili ndi mizere ya makina, inde: zija zazing'ono ngati khadi la kubanki zimakhala ndi mizere itatu ya malo 30 kumbuyo kwake. Koma chimene chimachititsa chiphaso kukhala choyendera ndi mgwirizano wa mayiko. Kenya, Uganda ndi Rwanda anayamba kulolana kudutsa ndi ziphaso za unzika mu 2014, ndipo mayiko a European Union nawonso amatero. Ku South Africa mwanayo afunika pasipoti yakeyake, yokhala ndi masiku osachepera 30 kuchokera tsiku limene adzatuluke m'dzikomo, komanso masamba opanda chidindo.

Kasungidwe musakaiwale. Ndimaona amayi ambiri pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka akutulutsa pasipoti m'chikwama momwe muli mafuta odzola ndi makiyi, ena pachifuwa chifukwa choopa akuba. Thukuta ndi mafuta zimalowa m'mphepete mwa tsambalo, pulasitiki wake n'kuyamba kumatuka, ndipo m'mphepetemo ndi momwe muli mizere ija. Iikeni m'kapepala ka pulasitiki kotseka, musaipinde, musabowolepo ndi sitepula pomangirira risiti. Mukamajambulitsa fotokope, onetsetsani kuti mizere yonse iwiri yatuluka mpaka kumapeto. Chithunzi chimene munatumiza m'gulu muno chikuonetsa nambala ya pasipoti ndi tsiku lanu lobadwa, ndiye chifufuteni tsopano lino.