Zonyanyala mafilimu onyoza Akatolika

Achemwali, mwafunsa kuti kodi kunyanyala mafilimu onyoza Mpingo wa Katolika kumathandiza kapena timangowatchukitsa. Ine ndine mkatolika chibadwire ndipo nkhaniyi imandikhudza kwambiri, ndiye mundilole nditalikitseko pang'ono.

Kale zinkathekadi. Ku America cha m'ma 1933 maepiskopi anayambitsa gulu lotchedwa Legion of Decency, akhristu ankaimirira m'tchalitchi nkulonjeza kuti filimu yomwe gululo laikana sakaonera. Mu 1934 Kadinala Dougherty wa ku Philadelphia anachita kuletsa akhristu ake kuponda m'nyumba zoonetsera kanema, osati filimu imodzi ayi, zonse. Aku Hollywood ataona kuti ndalama zapakhomo zikutsika anagonja, chaka chomwecho anatsegula ofesi younika mafilimu asanatuluke nkuikapo mkatolika, Joseph Breen. Zinatheka chifukwa nthawi imeneyo kuti uonere filimu unkalipira pakhomo basi, ndiye anthu akakhala kunyumba thumba la eni ake limamva kuwawa.

Koma taonani za 2006. The Da Vinci Code ikutuluka, Arkiepiskopi Angelo Amato wa ku Vatican anapempha Akatolika kuti asakaonere, mayiko ena anthu anachita zionetsero, koma filimu ija inapangabe ndalama zoposa madola 750 miliyoni. Ambiri anapita chifukwa chofuna kudziwa kuti chomwe ansembe akukanacho nchiyani. Pena mkwiyo umafika poipa zedi, mu 1988 ku Paris anthu ena anatentha nyumba ya kanema ya Saint-Michel chifukwa cha filimu ina yotchedwa The Last Temptation of Christ, anthu anavulala. Zimenezo ine sindingaziikire kumbuyo ngakhale pang'ono, si chikhristu chimenecho.

Nanga kwathu kuno tikanyanyala tikulanga ndani? Filimu timakabenetsa pa memori kadi pamsika kapena kutumizirana pafoni, aku Sony, kampani yomwe inatulutsa The Da Vinci Code, salandirapo olo tambala. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi ana athu. Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wotumikira pa Misa, anaonera The Da Vinci Code pafoni ya mnzake nkubwera madzulo ndikusenda chimanga pakhonde, akuti malume, eti Yesu anakwatira Maria wa ku Magadala ndipo Mpingo unabisa? Eti umulungu wake anachita kuvotera pamsonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea? Nkhope yake imaoneka kuti wasokonezekadi, samafunsa mwachipongwe ayi. Ndikanangoti usadzaonerenso, funso likanatsala mumtima mwake. Tinatenga Baibulo nkuwerenga Afilipi mutu 2 pomwe Paulo akulemba kuti Yesu Khristu ndi Ambuye, kalata yolembedwa zaka zoposa 250 msonkhano wa mu 325 uja usanachitike. Ndinamuuzanso kuti mmonke wakupha anthu wa mufilimumo, yemwe amati ndi wa gulu la Akatolika lotchedwa Opus Dei, ndi wongopeka, a Opus Dei alibe amonke nkomwe, ndipo iwowo ngakhale ananyozedwa chonchija anapempha Sony kuti ilembe poyambirira kuti nkhaniyo ndi yopeka, kenaka nkumayankha atolankhani modekha.

Ineyo filimu yonyoza Ukaristia kapena Amayi Maria sindionera, mtima sundilola, ndipo amene akunyanyala sindikuwanena. Koma kumangofowada mauthenga m'magulupu oti musaonere yakutiyakuti ndiye kuwapatsa achinyamata dzina loti akaisake. Ife kumphakati kwathu tinapempha bambo mfumu kuti apatule tsiku lokhala pansi ndi achinyamata aziwafunsa zomwe aona m'mafonimu, ndipo mnyamata uja ndi amene anayamba kukweza mkono.