Nkhuku zanu zikungosintha nthenga, achemwali

Achemwali, mwati nkhuku zanu zikuthothoka nthenga ndipo zaleka kuikira mazira, koma musathamangire kuzipha. Mathadzi anuwo akusintha nthenga basi, ndipo kuleka kuikira mazira panthawiyi n'chizolowezi chawo.

Kuno ku Johannesburg zimenezi zimachitika kwambiri kuyambira Malichi mpaka Meyi, dzuwa likayamba kulowa msanga. Nkhuku ikaona kuti usana wafupika, imataya nthenga zakale n'kumera zatsopano kuti chisanu cha Juni ndi Julayi chiipeze itavala bwino. Thadzi limayamba zimenezi likakwanitsa pafupifupi chaka ndi theka, kenako chaka chilichonse. Zimayambira kumutu ndi m'khosi, n'kutsikira kumsana ndi m'mapiko, mchira pomaliza. Miyezi iwiri kapena itatu zimatha.

Nthenga zimadya mapuloteni ambiri, n'chifukwa chake mazira amasowa. Zangazi ndimaziwonjezera soya wokazinga, njere za mpendadzuwa ndi usipa wophwanyika uja wotsalira pansi pa thumba. Madeya okhaokha sangazikwanire. Musamazigwiregwire, poti nthenga zongomerazo zimatuluka ngati timinga ndipo zikathyoka zimatuluka magazi. Ana anu muwauzenso zimenezi.

Koma usiku muunike ndi tochi pansi pa mapiko ndi m'ming'alu ya khola. Mukaona utitiri kapena nsabwe, vuto ndi limenelo, osati nyengo. Ngati nkhuku yazyolika, ikupuma mobanika, ikutsegula m'mimba zobiriwira, kapena zafa zingapo mwadzidzidzi, itanani dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Chikhoza kukhala chitopa kapena chimfine cha mbalame, chomwe chinapha nkhuku zambiri kuno ku Gauteng mu 2023.