Mwana amawengedwa ndi mtedza, mazira ndi mkaka, bambo ake sayanjana ndi buledi: tiphike chiyani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti mwana wawo wa zaka 4 akangolawa ndiwo zotendera milomo imatupa, thupi lonse n'kutuluka ziwengo zoyabwa. Dzira limamuchitanso zomwezo, koma pang'ono. Akamwa mkaka amatsegula m'mimba. Bambo a mwanayo akadya buledi kapena mandasi, m'mimba mumadzaza mpweya tsiku lonse. Mayiwo atopa ndi kutereka miphika itatu pa chakudya chimodzi, ndipo akuona kuti mwana wayamba kuonda. Akufunsa kuti agule chiyani ndipo aphike bwanji kuti banja lonse lizidyera pamodzi.

Mayi, mavuto anayi mwatchulawa si a mtundu umodzi. Mukawatenga mofanana mudzatopa pachabe, kwinaku ngozi yeniyeni ikulowera pamene simukuyang'ana.

Za mtedza ndi dzira, zizindikiro mwafotokozazo ndi za chitetezo cha m'thupi chimene chikulimbana ndi puloteni ya m'chakudyacho ngati kuti ndi mdani. Zimayamba pakangopita mphindi zochepa, zikachedwa maola awiri. Sizifuna kuti mwana adye zambiri, kotsalira pa mthiko kamakwana. Moto suthandiza: mtedza wophika, wokazinga, wosinja, wonse umawenga. Ndipo kuti ulendo watha zinathera pa milomo sizitsimikiza kuti ulendo wina zidzathera pomwepo. Mwana akayamba kupuma mobanika, mawu kusasa, lilime kutupa, kusanza mobwerezabwereza kapena kulefuka, mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline pa ntchafu, ndipo mphindi iliyonse ndi yofunika. Piriton amachepetsa kuyabwa kokha, satsegula kukhosi. Mugonekeni miyendo ili m'mwamba, kapena mumukhazike tsonga ngati akubanika, asayende yekha, muthamangire naye kuchipatala chapafupi. Musadikire kuti zimenezi zichitike kaye. Pitani naye kwa dokotala wa ana panopa, mukagwirizane chochita tsiku limenelo likadzafika.

Mkaka uli ndi njira ziwiri. Ena matumbo awo sagaya shuga wa mu mkaka wotchedwa lactose, ndiye amatupidwa ndi kutsegula m'mimba. Vuto limeneli limatsata kuchuluka kwa mkaka umene wamwa, silipha, ndipo ambiri otere chambiko kapena yogati siziwavuta chifukwa mbali ina ya shugayo imakhala itatha posasa. Ana ena limawagwira kwa masabata ochepa chabe akangochira matenda otsegula m'mimba. Ena ndiye amawengedwa ndi puloteni ya mkaka, monga zilili ndi dzira. Popeza mwana wanu amawengedwa kale ndi zinthu ziwiri, yang'anitsitsani: ngati mkaka umabweretsanso ziwengo, kusanza kapena magazi m'chimbudzi, uikeni gulu limodzi ndi mtedza, chambiko ndi yogati zomwe. Mkaka wa mbuzi si pothawira, mapuloteni ake amafanana kwambiri ndi a ng'ombe.

Vuto la bambo ndi lopepuka kuphikira. Chimanga, mpunga, mapira, mawere, chinangwa, mbatata, kachewere ndi nthochi zophika zilibe gluten, puloteni ya mu tirigu. Koma asasiye tirigu asanakayezetse. Pali nthenda yotchedwa coeliac imene gluten amawononga matumbo, ndipo kuyeza kwake kwa magazi kumaonetsa zoona pokhapokha munthu akudyabe tirigu. Ikapezeka, tirigu amasiyidwa moyo wonse, ngakhale nyenyeswa. Ikapanda kupezeka, kungochepetsa buledi ndi mandasi kumakwana.

Tsopano kukhitchini. Mphika ukhale umodzi, wopanda zinayi zonsezi. Nsima, nyemba, nsomba, nkhuku, masamba, tomato ndi anyezi ndi za aliyense. Wofuna dzira akazingire lake pa chiwaya chapadera, mwana atapakuliridwa kale ndipo mbale yake yavundikiridwa. Wofuna mkaka athire m'kapu yake. Mukamatsatira ndondomeko imeneyi, ya mwana poyamba ndipo zina pambuyo, miphika itatu ija yatha.

Mtedza wokha ndikukulangizani kuti utuluke m'nyumba, mwana akadali wamng'ono chonchi. Ndikudziwa kuti n'zowawa, chifukwa ndiwo zotendera ndiye ndiwo zathu. Koma nsinjiro ndi ufa, zimauluka posefa n'kugwera paliponse. Mafuta ake amalowerera m'mtondo ndi pa munsi, amakanirira m'timabowo ta sefa ndi m'ming'alu ya mthiko wakale, moti kutsukuluza ndi madzi sikuwachotsa. Mtondo, sefa, lichero ndi mthiko zimene zinagwirapo mtedza zisinthidwe, ndipo zatsopanozo musabwereketse kwa anansi. Miphika ndi mbale zachitsulo zimayera ndi sopo, madzi otentha ndi chokwechera. Manja nawonso ndi sopo ndi madzi. Sanitaiza amapha tizilombo koma puloteni ya mtedza amaisiya pomwepo.

Malo amene ambiri saganizira ndi kuchigayo. Amene anali patsogolo panu pamzere mwina amagayitsa ufa wa phala wosakaniza chimanga, soya ndi mtedza, ndipo zotsalira zake zimatuluka ndi ufa wanu woyambirira. Funsani wogayitsa ngati amalandira mtedza. Ngati pali chigayo chimene chimaukana, pitani kumeneko ngakhale kutalike. Ngati palibe, lowani pamzere pambuyo pa anthu angapo a chimanga chokhachokha, ndipo ufa woyamba kutuluka, wokwana beseni laling'ono, uikeni padera usalowe m'thumba la mwana. Izi zimachepetsa ngozi koma siziithetsa. Ufa wopima pamsika, umene simukudziwa kumene unagayidwa, uli ndi vuto lomwelo.

M'malo mwa nsinjiro gwiritsani nthanga za maungu. Zitsukeni, ziume bwino padzuwa, kenako zikazingeni pa chiwaya chouma, moto wochepa, mukutakasa kwa mphindi 5 mpaka 8, kufikira zitayamba kuthetheka ndi kununkhira. Zikada zapserera, ndipo ndiwo zonse zidzawawa. Zizizire kaye musanasinje, chifukwa zotentha zimatulutsa mafuta n'kumatirira mumtondo. Sefani kawiri kuti makoko atsale. Pa nkhwani wokwana anthu anayi, wiritsani masamba ndi madzi theka la kapu ndi mchere mpaka afewe, ikani tomato awiri, kenako wazani pamwamba masupuni aakulu 5 a ufawu. Musatakase msanga. Vundikirani kwa mphindi 5 pa moto wochepa kuti ufa upse ndi nthunzi, ndiye mutakase n'kusiyanso mphindi zitatu. Mukatakasa nthawi yomweyo ufa umatsikira pansi n'kupserera, ndiwo n'kumveka fungo lauwisi. Kakomedwe kake si ka mtedza ndendende, koma msuzi umalimba bwino, ndipo futali wa mbatata amatheka ndi ufa womwewu. Sinjani wa sabata imodzi kapena ziwiri basi n'kusunga m'botolo lotseka, chifukwa ufa wamafuta suchedwa kununkha. Mpendadzuwa wosenda amachitanso chimodzimodzi. Chitowe n'chokoma, koma nachonso chili m'gulu la zakudya zowenga anthu ambiri, ndiye chisakhale choyamba kuyesa.

Chakudya chilichonse chimene mwana sanadyepo, nthanga zomwezi, chiyesedwe chokha. Mupatseni theka la supuni yaing'ono m'mawa, tsiku limene ali bwino ndipo chipatala n'chotsegula, mumuyang'anire maola awiri. Mawa lake wonjezerani. Papite masiku atatu musanayese china, ndipo lembani m'kope chimene wadya, nthawi yake ndi chimene chachitika. Mtedza ndi dzira musaziyese kunyumba ngakhale patapita zaka. Ana ambiri akamakula dzira ndi mkaka zimasiya kuwawenga, mtedza umasiya mwa mwana mmodzi pa asanu, koma koyesera zimenezo ndi kuchipatala.

Kuonda kwa mwanayo kukundidetsa nkhawa kuposa zina zonse. Makolo akachita mantha amachotsa chakudya ichi, mawa icho, mpaka mwana atsala ndi nsima ndi msuzi wa tomato. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndiye mwana amene wachotseredwa mazira, mkaka ndi mtedza nthawi imodzi sitingamusiye choncho. Chilichonse chochotsedwa chilowedwe m'malo, kuti magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja akwanebe. Mtedza ndi wa banja la nyemba, inde, koma ana ambiri owengedwa ndi mtedza amadya nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi soya popanda vuto. Zimene wakhala akudya bwinobwino musazichotse. Kashiamu wa mu mkaka, amene amalimbitsa mafupa, mumupeze mu usipa kapena matemba odyedwa ndi minga yomwe, mu bonongwe ndi m'phala la mawere. Mafuta achokere ku mapeyala, nthanga zija ndi mafuta ophikira a mpendadzuwa kapena a soya. Mkaka wa soya wopanga kunyumba uli ndi puloteni koma kashiamu ndi wochepa, musaudalire pa zimenezo.

Phala la m'mawa likhale la makapu anayi a mgaiwa pa kapu imodzi ya ufa wa soya. Soyayo akhale wokazinga kapena wowiritsa musanagaye, chifukwa wamuwisi amavuta kugaya m'mimba ndipo amanunkha. Pa mbale ya mwana, sungunulani masupuni aakulu atatu a ufawu m'kapu imodzi ndi theka ya madzi, libwate mphindi 15, muthire supuni yaing'ono ya mafuta ndi ina ya usipa wokazinga wosinja. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba popanda kanthu. Likhale loti silikuyoyoka msanga pa supuni.

Kuti pa tiyi bambo ndi mwana adye chimodzi, phikani chigumu chopanda dzira, mkaka kapena tirigu. Nyenyani nthochi zitatu zakupsa kwambiri, zamadonthomadontho pakhungu, chifukwa ndizo zimanga chigumu m'malo mwa dzira. Sakanizani ndi makapu awiri a mgaiwa, theka la kapu ya ufa wa kondowole, masupuni aakulu atatu a mafuta, awiri a shuga, awiri a madzi a mandimu, theka la supuni yaing'ono ya mchere ndi kapu imodzi ya madzi ofunda. Siyani mphindi 15 kuti mgaiwa umwe madzi, apo ayi chigumu chimamveka mchenga m'kamwa. Soda, supuni yaing'ono imodzi yosasefukira, alowe pomaliza, mutakase msanga n'kuthira mumphika wopaka mafuta. Soda akakumana ndi mandimu amatulutsa mpweya nthawi yomweyo, ndiye mukachedwa kuika pamoto chigumu sichifufuma. Akachuluka, chimada ndi kuwawa ngati sopo. Mu uvuni ndi madigiri 180 kwa mphindi 35 mpaka 40. Pa mbaula, makala ambiri akhale pa chivundikiro, ochepa pansi, chifukwa pansi ndi pamene pamapserera m'kati musanapse. Chizizire musanadule. Ufa wa chimanga ulibe chomata ngati tirigu, ndipo n'chifukwa chake taikamo kondowole. Mukamusiya chigumu chimanyenyeka m'manja.

Kusitolo werengani paketi nthawi iliyonse, ngakhale ya chinthu chimene munazolowera, popeza opanga amasintha zosakaniza. Mkaka umabisala m'mawu akuti whey, casein, milk solids ndi butter, ndipo majarini ambiri ali nawo. Dzira limalembedwanso kuti albumen. Mtedza ndi peanut, groundnut kapena arachis. Tirigu amapezeka mu soseji, mabisiketi, supu wa m'mapaketi ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Katundu wochokera ku South Africa amalamulidwa kutchula zakudya zowengazi pa paketi, ndiye savuta kuwerenga. Pakalembedwa kuti may contain peanuts, mwana asadye. Mafuta opima m'timachubu ndi zokometsera za m'timapepala topanda dzina zisiyeni, makamaka mafuta a mtedza oyenga pamudzi, amene puloteni yake imatsalira momwemo.

Kunja kwa nyumba ndiye kovuta. Tchipisi cha pachiwaya chimakazingidwa m'mafuta amene mwadutsa mazira. Zitumbuwa zogula mwina zalowa m'mafuta a mandasi. Ku ukwati ndi kumaliro chipande chimodzi chimayenda m'miphika yonse, choncho mutengereni chakudya chake m'kontena. Kusukulu ya mkombaphala amakonda kuthira nsinjiro m'phala. Kalankhuleni ndi ophika enieniwo, osati aphunzitsi okha. Agogo ndi azakhali auzidwe mosapita m'mbali kuti mawu oti "angolawa pang'ono azolowere" angathe kumupha mwanayu. Iye mwini pa zaka 4 angathe kuphunzira kufunsa kuti "muli mtedza?" asanalandire chilichonse.

Mukapita naye kusikelo chifukwa cha kuondako, chenjerani ndi chiponde chimene amapatsa ana onyentchera. Chimapangidwa ndi mtedza, mkaka waufa, shuga ndi mafuta, kutanthauza kuti ziwiri mwa zitatu zimene zimamuvuta zili m'paketi imodzi. Auzeni anamwino asanakupatseni, ndipo pemphani adokotala alembe zakudya zomuwengazo pa tsamba loyamba la buku lake lakuchipatala, kuti aliyense wolitsegula aziona ngakhale tsiku limene wapita naye ndi munthu wina.