Kuyeza magazi m'malo mwa sikani ya mutu, zoona?

Mayi wina wandilembera imelo kuti amuna awo anagwa pa kabaza, anakomoka pang'ono n'kudzuka, ndiye amva kuti kunja amangoyeza magazi osajambula mkati mwa mutu ndi makina a sikani (CT scan), akufunsa ngati zili zoona.

Mayi, funso lanuli landifika pamtima chifukwa achimwene anga zinawaonekerapo. Anagwa pa njinga yamoto chipewa alibe, kudzuka akuseka eti palibe chachitika, koma usiku anayamba kusanza, n'kumafunsa funso limodzimodzi, "njinga ija ili kuti?", mwawayankha pakapita kanthawi afunsanso. Kuchipatala anatiuza kuti makina a sikani afa, tinasonkherana pa gulu la banja la WhatsApp mpaka kukajambulitsa kolipira. Anachira, koma ngongole ija inatitsatira nthawi yaitali.

Mayesowo alipodi. Ubongo ukagwedezeka, mapuloteni ena a mu ubongo amalowa m'magazi. Ku America bungwe la boma loyang'anira zakudya ndi mankhwala la FDA linavomereza mu 2018 kuyeza awiri, GFAP ndi UCH-L1, pasanathe maola 12 chivulalireni, ndipo mu 2024 linalola kamakina ka kampani ya Abbott kotchedwa i-STAT kuyezera pa bedi pomwepo, zotsatira mphindi 15. Ku Scandinavia, mayiko a kumpoto kwa Ulaya, anayamba kale mu 2013 ndi ina, S100B, yoyeza pasanathe maola 6, koma iyi imakweranso munthu akathyoka fupa, komanso kwa ife akhungu lakuda imakhala yokwererapo kale, ndiye ine ndimaikayikira.

Koma apa mvetsetsani, ntchito ya mayesowa ndi kuchotsa anthu pa mzere wa sikani basi. Mapuloteni aja akapezeka otsika, dokotala atha kukutumizani kunyumba osakuwotchani ndi cheza cha makina pachabe, poti ambiri ovulala pang'ono sikani yawo imatuluka bwinobwino. Akakwera sizikutanthauza kuti magazi akutayikira mkati, akungoti kajambuleni. Ndiye amene akuti mayesowa alowa m'malo mwa CT akunama, ndipo kwathu kuno vuto lenileni ndi makina osagwira ntchito ndi anthu okwera kabaza mutu uli pamtunda, atatu pa njinga imodzi, wina atanyamula mwana.

Ndiye mutani?

Musadikire mayeso a magazi. Ngati amuna anu asanza kawiri, mutu ukupwetekerapwetekera, akuodzera osadzutsika, akomokanso, magazi kapena madzi akutuluka m'khutu kapena m'mphuno, ali ndi zaka 65 kupita m'tsogolo kapena amamwa mankhwala osungunula magazi ngati warfarin, thamangirani kuchipatala lero lomwe. Mowa asaukhudze, ndipo usiku asagone okha.