Yankho: filimu ya ukazitape yoti achinyamata akambiranepo za ndale

Achimwene, mudafunsa za filimu ya ukazitape yoti muonetse gulu lanu la achinyamata kuti akambiranepo za ndale. Sankhani Quantum of Solace, filimu ya James Bond yomwe idatuluka mu 2008. Mfuti ndi kuthamangitsana kwa magalimoto zilimo, koma nkhani yeniyeni ndi ya madzi. Dominic Greene, yemwe amadzionetsa ngati woteteza chilengedwe, akuthandiza mkulu wa asilikali kulanda boma la Bolivia kuti Greeneyo atenge madzi a dzikolo n'kumawagulitsa. Akazitape ena a CIA, bungwe la ukazitape la dziko la America, akudziwa za chiwembuchi koma akungoyang'ana, poganiza kuti apezapo mafuta.

Zoterezi zidachitikadi. Mu 2000 anthu a mumzinda wa Cochabamba ku Bolivia adachita zionetsero madzi awo ataperekedwa ku kampani yakunja n'kukwera mtengo, mpaka boma lidathetsa mgwirizanowo. Ine nditaonera filimuyi ndi anyamata a kwathu, chidawakhudza kwambiri n'kuona anthu akumudzi atasonkhana pampopi wouma. Tidakambirana mpaka kudada.

Mufilimuyi muli chiwawa chambiri, ngakhalenso malo pomwe mkulu wa asilikaliyo akufuna kugwiririra mtsikana, choncho muionere kaye nokha. Ngati muzilipiritsa pakhomo, funsani a COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso ku Malawi, kapena loya za chilolezo.