Inde, asilikali akuda anayendetsa akasinja pa Nkhondo Yachiwiri

Achimwene, mwafunsa ngati pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse anthu akuda anapatsidwako akasinja, kapena ntchito yawo inali yongosenza katundu ndi kuphikira azungu. Anapatsidwa, ndipo anamenya nawo nkhondo yoopsa. Ndikuuzeni za gulu la asilikali a ku America lotchedwa 761st Tank Battalion, limene linkadziwikanso kuti Black Panthers.

Gululi linayamba pa 1 Epulo 1942 ku Camp Claiborne, m'chigawo cha Louisiana, ndipo kenako linasamukira ku Camp Hood ku Texas. Nthawi imeneyo asilikali a ku America ankasankhana mitundu, wakuda kwake, mzungu kwake. Anyamatawa anakhala zaka ziwiri akungophunzira, chifukwa akuluakulu ambiri sankakhulupirira kuti munthu wakuda angathe kuyendetsa kasinja. Jackie Robinson, amene pambuyo pake anatchuka pa masewera a baseball, anali m'gululi. Mu Julayi 1944 anakana kukakhala kumbuyo kwa basi, n'kumutengera kukhoti la asilikali. Mkulu wa gululi, mzungu dzina lake Paul Bates, anakana kuvomereza mlanduwo, choncho akuluakulu ena anachita kumusamutsira Robinson ku gulu lina kuti amuzenge. Khoti linamupeza wosalakwa.

Asilikali a gulu la 761st anatsika ku France pa 10 Okutobala 1944 n'kuikidwa m'manja mwa General George Patton. Kasinja wawo anali Sherman, wolowa anthu asanu: wolamula, wowomba mzinga, woika zipolopolo, woyendetsa ndi womuthandiza. Kuyambira kumayambiriro kwa Novembala anakhala kutsogolo masiku 183 osapuma.

Munthu amene sindimuiwala ndi Sajeni Ruben Rivers wa ku Oklahoma. Atangoyamba kumenya, anapeza Ajeremani atatchinga msewu. Rivers anatsika m'kasinja zipolopolo zikuvumba, anamanga chingwe pa zotchingazo, n'kuzikoka kuti anzake adutse. Pa 16 Novembala, pafupi ndi mudzi wa Guébling, kasinja wake anaponda bomba lokwirira ndipo mwendo wake unang'ambika mpaka fupa kuonekera. Anakana jekeseni wopha ululu, anakananso kupita kuchipatala. Anakwera kasinja wina bala likutukusira, n'kupitiriza. Pa 19 Novembala mizinga ya adani inawatsekereza, mkulu wawo Captain David Williams n'kulamula kuti abwerere. Rivers anayankha pa wailesi kuti adaniwo wawaona ndipo alimbana nawo. Anawomba mpaka anzake anathawa bwino, iye n'kufera m'kasinjamo. Ndikaganiza za masiku atatu amenewo, munthu atakhala m'chitsulo chozizira ndi mwendo woterowo, mtima umandiwawa kwambiri.

Anzake atachoka kumeneko anakamenya ku Tillet, ku Belgium, mu Januwale 1945 m'chipale chofewa, anaboola malinga a Ajeremani otchedwa Siegfried Line mu Malichi, ndipo mu Meyi anakumana ndi asilikali a Soviet Union ku Steyr, ku Austria. Gululi linathetsedwa mu 1946.

Chimene chimandikwiyitsa ndi kuchedwa kwa ulemu wawo. Williams anapempha kuti Rivers apatsidwe Medal of Honor, mendulo yapamwamba kuposa zonse ku America, koma pempholo silinapite patali. Palibe msilikali wakuda ndi mmodzi yemwe amene anailandira pa nthawi ya nkhondoyo. Ulemu wa gulu lonse unadzabwera mu 1978 kuchokera kwa Pulezidenti Jimmy Carter. Mendulo ya Rivers inadikira mpaka pa 13 Januwale 1997, pamene Pulezidenti Bill Clinton anaipereka kwa mlongo wake wa Rivers, patatha zaka zoposa 52 mwini wake ali m'manda. Tsiku limenelo asilikali akuda asanu ndi awiri analemekezedwa, koma wamoyo anali mmodzi yekha, Vernon Baker.