Shackle, thimble ndi cleat: tizitsulo ta pa bwato la thanga

FUNSO: Akulu, ndayamba kuphunzira kuyendetsa bwato la thanga, koma mphunzitsi akakuwa kuti "shackle" kapena "cleat" ndimangoti kakasi. Kodi zimenezi n'chiyani?

YANKHO: Achimwene, inenso tsiku loyamba atandiuza kuti ndikoke sheet ndinagwira nsalu ya thanga yeniyeniyo, anthu n'kufa nacho chiseko. Sheet ndi chingwe chowongolera thanga kuti ligwire mphepo bwino. Chokwezera thanga pa mlongoti ndi halyard.

Shackle ndi kachitsulo kopindika ngati chilembo cha U, kotsekedwa ndi kamsomali kamazinga. Ntchito yake ndi kulumikiza zinthu ziwiri, monga tcheni ndi nangula. Kamsomaliko kamamasuka kokha bwato likamagwedezeka, ndiye ine ndimapisa kawaya pa bowo lake n'kukamangirira ku shackleyo. Ndinaphunzira nditataya nangula pamadzi akuya, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Thimble anthu amaipeputsa, koma ine ndimaikonda. Imaoneka ngati dontho la madzi, ili ndi kangalande m'mbali mwake, ndipo imakhala mkati mwa diso la chingwe, pomwe chingwe chapindidwa kumapeto kwake, kuti chitsulo chisamadye chingwecho.

Cleat ndi pomangirira chingwe, ndipo ili ndi nyanga ziwiri. Zungulizani chingwe patsinde pake kamodzi, kenako mupingase pa nyangazo ngati mukulemba 8. Musaunjike mfundo pamenepo, chifukwa mphepo ikabwera modzidzimutsa mufunika kumasula msanga.

Dzina lina lomwe mudzamve ndi block: kagudumu kopitamo chingwe pamodzi ndi chimango chake.